Tisawabisire Ana Athu Mphika

Moni a ku Ulongwe, a ku Domwe, a ku Lifidzi ndi a ku Tsangano. Moni inunso abale athu a kutsidya kwa malire, ku Dedza, ku Lizulu ndi ku Ntcheu. A Phiri ndi a Banda, a Maseko ndi a Ngozo, Naphiri, Nabanda, Nangozo, sendezani mipando. Ngati mwana wanu wa zaka 13, 15 kapena 17 ali pafupi, muitaneni adzakhale nanu, chifukwa nkhani ya lero ndi yake, ngakhale kuti mlandu wake uli pa ife akuluakulu.

Anthu a m'chigawo chino cha Tete akamatchula Angónia amati ndi nkhokwe, ndipo sanama. Tili pamtunda, mvula imatikonda, nthaka yathu ikadali ndi mphamvu. Imani m'mbali mwa msewu nthawi yokolola, muone malole akutsika atalemedwa ndi kachewere, chimanga, nyemba ndi soya, kupita kukadyetsa anthu a m'mizinda amene sanagwirepo khasu. Tsono funso langa ndi ili: mwana wobadwira m'nkhokwe imeneyi akudziwa chiyani za chakudya chimene chamulera?

Pitani pasukulu ya sekondale nthawi yopuma. Belu likangolira, ana amathamangira kumpanda kumene amayi ayala malonda. Zoyamba kutha ndi majigisi, mabisiketi, maswiti ndi zakumwa zofiira ndi zachikasu za m'mabotolo apulasitiki. Amene ali ndi timakobiri tochulukirapo amapita pachiwaya kukagula chipisi. Ndiye mukasuzumire kuseri kwa kalasi. Mudzapeza mtsikana amene mayi ake anamukulungira mbatata yophika ndi mtedza wokazinga. Akudya atayang'ana kukhoma, dzanja lili m'chikwama, akunyema pang'onopang'ono kuti anzake asamuone. Pa ana onse a pabwalopo iyeyo ndi amene wadya bwino koposa, koma ndi iyeyonso amene ali ndi manyazi. Zimenezi zimandiwawa mumtima. Mwana wa mlimi kuchita manyazi ndi chimene manja a mayi ake alima!

Sindikunyoza chipisi ayi. Mbatata yake ndi yathu yomwe, ndipo mnyamata wa pachiwaya akupezerapo sopo ndi mchere. Chimene ndikudandaula ndi manyaziwo.

Tisafulumire kunena kuti ana a masiku ano ndi opanda mwambo. Mwana sabadwa akunyoza nkhwani. Anamva kwa ife. Ndi ife amene mlendo akafika timayamba ndi kupepesa kuti, "Pepani, lero kulibe ndiwo, kuli masamba okha." Ndi ife amene munthu akapeza ntchito timamuyeza ndi buledi ndi mpunga, ngati kuti mgaiwa ndi chizindikiro cha tsoka. Ndipo mwana akafunsa kuti chifukwa chiyani timachita chakuti, timamudula pakamwa: "Ndi mwambo, usafunse." Mwana wamng'ono angakhale chete. Koma wa zaka 15, amene ali ndi foni m'thumba ndipo akuona pa Facebook ndi pa TikTok zimene anzake a ku Maputo ndi ku Johannesburg akudya, ameneyo sakhutira ndi yankho lotero. Amangoti chabwino ndi pakamwa, mtima wake wachoka kale.

Tsono tiyambe ndi kuwauza zoona, chifukwa mbiri ya mbale yathu ndi yokoma kuimva. Chimanga, chimene timati ndi moyo, si mbewu ya makolo athu oyambirira. Kwawo ndi ku Mexico, kutsidya kwa nyanja yamchere. Chinafika kugombe la Africa ndi zombo za Apwitikizi kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo chinakwera kumtunda pang'onopang'ono, mudzi ndi mudzi, mbadwo ndi mbadwo. Chisanafale, nsima ya makolo inali ya mapira, mawere ndi mchewere, mbewu zimene abale athu a kuchigwa, ku Changara ndi ku Mágoè, akuzisungabe chifukwa zimapirira dzuwa. Mtedza, nyemba, maungu, chinangwa, tomato, tsabola ndi mbatata ya kholowa, zonsezi zinachokera ku America. Kachewere amene watitchukitsayu kwawo ndi kumapiri a Andes, ku Peru ndi ku Bolivia, ndipo kuno anafika mochedwa, nthawi ya atsamunda. Zakalekale za mu Africa muno ndi khobwe, nzama, mapira, mawere, luni ndi mphonda.

Ndikudziwa kuti wina wausa moyo pamenepo: "Aa, ndiye mukuwauza ana kuti tilibe chathu?" Iyayi, bambo. Ndikuwauza kuti makolo awo anali anthu anzeru, osaopa chachilendo, komanso osachimeza chosatafuna. Analandira dzungu, n'kuona kuti masamba ake ndi ndiwo. Analandira mtedza, n'kuusinja mumtondo, n'kuuthira m'masambamo. Nkhwani wotendera sanatsike m'chombo cha Apwitikizi. Anamupanga ndi amayi a kuno kwathu, pamafuwa. Futali, thobwa, chigumu, nyemba zophika pamodzi ndi chimanga, zonsezi ndi nzeru za anthu amene ankayesa, kulawa ndi kusankha. Mnyamata kapena mtsikana akamva zimenezi amazindikira kuti iyenso ali ndi ufulu wolandira zatsopano, malinga adziwe chimene akusiya ndi chimene akutola.

Palinso mbiri ya ife eni. Angoni a kwa Maseko anachokera kummwera, anaoloka Zambezi m'zaka za m'ma 1830, anayenda mpaka ku Songea, kumene lero ndi ku Tanzania, kenako anabwerera kudzakhazikika kuno kuphiri la Domwe. Anali anthu a ng'ombe: chambiko, uwende, nyama yootcha ya amuna pafupi ndi khola. Anapeza Achewa ndi Antumba ali ndi minda yawo, mitondo yawo ndi miphika yawo. Anakwatira akazi a kuno, ndipo ana anakula akuyankhula chinenero cha amayi awo ndi kudya za mumphika wa amayi awo. N'chifukwa chake lero Mngoni amavina ngoma atanyamula chishango ndi chibonga, koma akaweruka amakadya nsima ya therere osafunsa kuti therere ndi la mtundu wanji. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linadula dziko la Angoni a mfumu Chikuse pakati, ena n'kukhala anthu a mfumu Gomani ku Ntcheu, ena a mfumu Zintambira kuno. Koma kaphikidwe sikanagawike. Mu 2017 bungwe la UNESCO linalemba nsima ya ku Malawi m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a padziko lonse, momwe muli Gule Wamkulu amene timagawana ndi Malawi ndi Zambia. Nsima imene analembayo ndi yomweyi imene mayi wa ku Domwe akuvundula madzulo ano. Kodi ana athu anauzidwapo zimenezi?

Kwa inu amene mwangotsegula wailesi, tikukambirana za achinyamata athu ndi chakudya cha kwathu kuno ku Angónia: chimene tiyenera kuwaphunzitsa, ndi amene ayenera kuwaphunzitsa.

Pali phunziro lina limene ife a kuno tinaliphunzira ndi misozi, ndipo ana obadwa mtendere utabwera salidziwa. Nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya zaka 16 ija, midzi yambiri ya Angónia ndi Tsangano inatsala mabwinja. Anthu anathawira ku Dedza, ku Ntcheu ndi m'maboma ena, ndipo dziko la Malawi linasunga anthu a ku Mozambique okwana pafupifupi 1 miliyoni. Munthu amene anali ndi nkhokwe yake, dimba lake ndi khola lake anayamba kuima pamzere ndi khadi m'manja, kudikira ufa, nyemba, mafuta ndi mtedza wa chithandizo. M'chaka cha 1990 mtedza unasiya kubwera kwa miyezi ingapo. Posakhalitsa kunabuka nthenda yotchedwa pelagra. Khungu la pakhosi, la pamikono ndi la kumapazi, paliponse pamene dzuwa limaomba, limada n'kukhakhala. M'mimba mumatseguka. Ena mutu umasokonekera. Chaka chimenecho madokotala anawerenga odwala opitirira 18,000 pakati pa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo amene anavutika kwambiri anali amayi.

Chinasowa m'thupi ndi vitamini wotchedwa niacin. M'chimanga alimo, koma ndi womangika moti thupi limalephera kumutenga, pamene mu mtedza ndi wochuluka. Eni chimanga ku Mexico anazindikira kalekale kuti chimanga chiyenera kuphikidwa m'madzi a laimu kapena a phulusa, ndipo kaphikidwe kameneko kamamasula vitamini ameneyu. Mbewu inaoloka nyanja, nzeru imeneyo inatsalira. Ku Spain ndi ku Italy alimi osauka amene ankadya chimanga chokhachokha anazunzika ndi nthenda yomweyi. Amayi athu anali ndi njira yawoyawo, ngakhale sanamvepo dzina la vitamini aliyense: nsima siyenda yokha. Pambali pake pakhale nsinjiro, pakhale nyemba kapena khobwe, pakhale masamba, nthawi zina usipa, ngumbi kapena mbewa. Pamene nkhondo inachotsa mtedza wokhawo pambali pa nsima, matupi a anthu anaonetsa. Ndiye wina aime lero n'kumati ndiwo zotendera ndi za osauka? Agogo amene munaima pamzere uja ambiri mudakali moyo, Mulungu wakusungani kufikira mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 ndi kupitirira. Kodi munayamba mwamukhazika pansi mdzukulu wanu n'kumufotokozera zimene munadya ndi zimene munasowa kutsidyako? Buku la kusukulu lidzamuuza za pangano la mtendere la ku Roma. Za mtedza uja adzamva kwa inu basi.

Tsopano tiyeni tilowe m'khitchini, chifukwa zinthu zimenezi siziphunzitsika ndi pakamwa pokha. Mwezi wa Febuluwale ndi Malichi, masamba akachuluka m'munda, mayi wodziwa ntchito yake saganiza za lero lokha. Amathyola khwanya, chitambe ndi nkhwani. Nkhwaniyo amamusadzula bwinobwino. Amawafutsa masambawo pang'ono m'madzi owira, osati mpaka kupsa, n'kuwatsanula, n'kuwayanika pamphasa. Akauma mpaka kumathetheka m'manja, amatenga masamba aakulu a msuku, kuwayala, kukulungamo mfutso uja, kumanga ndi luzi, chikwatu chatheka. Amachipachika kudenga la khitchini, kumene utsi umaingitsa tizilombo. Ndiye ufike mwezi wa Okutobala, dzuwa litaotcha tchire lonse, ndiwo zitakwera mtengo pamsika. Mayi uja amamasula chikwatu, amatapako pang'ono, kuviika, kuphika, kutendera. Banja ladya masamba a mvula pakati pa chilimwe, osatulutsa metikali ngakhale imodzi.

M'ntchito imodzi yokhayi muli kudziwa nyengo, muli kusamala chuma, muli sayansi ya kusunga chakudya popanda filiji ndi magetsi. Nanga thobwa? Mawere kapena chimanga amazinyowetsa n'kuzifunditsa mpaka zimere, kenako kuyanika ndi kusinja, kukhala chimera. Uthire chimera m'phala lolimba lofunda, uona lokha likusungunuka n'kuyamba kutsekemera popanda shuga. Mphunzitsi wa sayansi amalemba zimenezi pabolodi m'Chipwitikizi, ndi mawu ovuta, ana n'kuloweza kuti akhoze mayeso. Koma chinthu chomwecho chikuchitika m'nkhali ya agogo awo, ndipo palibe amene wawalumikizira ziwirizi. Funsani atsikana ndi anyamata a sekondale kuti ndani angamange chikwatu kapena kumeretsa chimera. Manja adzakwera ochepa.

Za ufa ndinene maganizo anga mosabisa. Ufa woyera ndi wokoma, umasungika, ndipo uli ndi malo ake paukwati ndi pamaso pa mlendo wolemekezeka. Koma pokonola ndi poviika mphale timachotsa zambiri zimene thupi limafuna, n'kukapatsa nkhumba ndi nkhuku m'madeya. Mwana adziwe zimenezi, kuti akamadya mgaiwa asamadzione ngati wolangidwa.

Chakudya chimaphunzitsanso ubale, ndipo apa ndi pamene chikhalidwe chimaonekera poyera. Ndani ayamba kusamba m'manja? Wamkulu, ndipo wamng'ono amathira madzi atanyonyomala kapena atagwada. Mukamadyera mbale imodzi, sutsogoza dzanja kunyama, ndipo suiwala kuti kumbuyo kuli wina amene sanabwere kuchokera kubusa. Wodutsa m'njira akakupezani mukudya mumamuitana, ngakhale mitanda ili yowerengeka. Mlendo wochokera kutali amamugwirira nkhuku, ndipo amayamba amuonetsa ili yamoyo. Pamudzi pakagwa zovuta, khomo lililonse limatulutsa mbale ya ufa, ena nkhuni, ena ndiwo, kuti anamfedwa asasenze okha chisoni ndi njala ya olira. Munda ukakula, mwini amafulula thobwa kapena mowa n'kuitana dima, anthu n'kulima tsiku limodzi zimene yekha akanalima mwezi. Abale athu Angoni a Mpezeni ku Chipata amachita Ncwala mu Febuluwale ku Mtenguleni, pamene mfumu imalawa zoyamba kucha anthu asanayambe kudya dowe ndi maungu. Achewa a m'maiko atatu amasonkhana ku Mkaika, ku Katete, mu Ogasiti pamwambo wa Kulamba, atanyamula mphatso za Kalonga Gawa Undi. Mwana amene amangogula kapaketi kake n'kudya yekha akuyenda sakuphonya zakudya zokha. Akuphonya sukulu yonse ya ulemu, ya kudikira, ya kugawana.

Koma omvera anga, ndikanakhala wabodza ndikanati zonse za makolo tizipereke kwa ana momwe zilili. Zina tiyenera kuzisiya, ndipo tiwauze anawo poyera kuti tikuzisiya chifukwa chiyani. Mtsikana kapena mayi woyembekezera kumuletsa mazira, pamene thupi lake likuwafuna kuposa wina aliyense panyumba, si nzeru. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba, chiwindi ndi ntchafu kupita kwa bambo, ana n'kutsala ndi mapazi ndi msuzi, si ulemu umenewo. Bambo wakula kale, mwana ndiye akumanga thupi. Kafukufuku wa boma wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno, 37 ndi opinimbira chifukwa chosadya mokwanira ndi moyenera. M'dera ngati lathu, kumene chakudya chilipo, kupinimbira kumabwera pamene tigulitsa nyemba, soya, mazira ndi mtedza wonse kwa ogula a pasikelo, mwana n'kumamudyetsa phala la madzi ndi mchere. Mtsikana amene ali m'kalasi lero, zaka zochepa zikubwerazi adzakhala akuphikira khanda lake. Akapanda kudziwa lero kuti m'phala muthiridwe nsinjiro kapena ufa wa soya, adzadziwira kusikelo ya ana, mwana atayamba kale kufooka.

Nkhani ya mchere ndi mdulo ndikuisiya m'manja mwa anamkungwi, pakuti si ya pawailesi. Ndingopempha kuti ngakhale kumeneko, namwali akafunsa ayankhidwe, asangoopsezedwa.

Mwambo wina umene ndikufuna uthe ndi wothamangitsa anyamata kukhitchini. "Choka apa, ndiwe mwamuna!" Mawu amenewa awononga anyamata ambiri. Mnyamata yemweyo mawa adzapita kukafuna ntchito ku Moatize, ku Beira kapena ku Johannesburg. Kumeneko kulibe mayi ake, kulibe mlongo wake. Akapanda kudziwa kuvundula nsima ndi kuphika nyemba, ndalama zake zonse zidzathera m'mabaraka, thupi lake lidzakhala la buledi ndi zakumwa zotsekemera. Akadzakwatira, mkazi wake akadwala kapena akakhala m'chikuta, ana adzagona ndi njala ufa uli m'dengu. Kodi umenewo ndi umuna? Anyamata athu amadziwa kale kuwamba mbewa ndi kuotcha chimanga kubusa, amakazinga chipisi pamsika anthu onse akuona. Chimene chimawaletsa kugwira mthiko kunyumba ndi pakamwa pathu.

Nanga sukulu? Aphunzitsi, khomo linatsegulidwa kale. Kuyambira mu 2004, dongosolo la maphunziro a pulayimale m'dziko muno linapatula magawo 20 pa 100 a nthawi yophunzira kuti ana aziphunzira za m'dera lawo, chimene inu mumachitcha currículo local. Chinyanja chathu chinali chimodzi mwa zinenero ziwiri zoyamba kuyesedwa m'kalasi, kuno ku Tete, kuyambira 1993 mpaka 1997. Ku Ulongwe tili ndi nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze, kumene achinyamata akuphunzira za mbewu ndi nthaka. Zida zilipo. Chimene chikusowa ndi kukhulupirira kuti mayi wosadziwa kulemba, amene amadziwa bowa wodyedwa ndi wakupha, ndi mphunzitsi woyenera kuimirira kutsogolo kwa kalasi. Muitaneni. Mupatseni mpando ndi ulemu. Abwere ndi lichero lake, ayale nzama, khobwe, mawere ndi chimanga cha makolo, ana agwire, anunkhize, afunse.

Kusekondale, ngakhale ndandanda ili yothina, mphunzitsi wa mbiri angathe kutuma ana kukafunsa agogo awo zimene ankadya nthawi ya atsamunda, nthawi ya nkhondo ndi zaka za njala, n'kuzilemba m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi. Wa masamu angathe kuwerengetsa ana mtengo wa majigisi a mwezi wathunthu, auyerekeze ndi mtengo wa mazira kapena nthochi. Ndipo chonde, chonde, munda wa sukulu usakhale malo olangira ochedwa ndi aphokoso. Mwana amene wapatsidwa khasu ngati chilango kwa zaka zonse za sukulu mwamuphunzitsa kuti ulimi ndi ukaidi. Akadzathawa kumudzi musadzadabwe.

Inu mafumu ndi nyakwawa, inu a mipingo amene mumasonkhanitsa achinyamata Loweruka lililonse, inunso muli ndi gawo. Pamisonkhano ya achinyamata timagula makireti a zakumwa ndi mabanzi, pamene thobwa ndi chigumu zikanaphikidwa ndi anawo, motsogozedwa ndi amayi a mumpingo. Tsiku limodzi lotere, anyamata akusinja, atsikana akusefa, agogo akulangiza ndi kuseka nawo, limaphunzitsa kuposa ulaliki wautali wonena za chikhalidwe.

Ndiyankhule nanu tsopano inu achinyamata, ana anga, adzukulu anga. Palibe amene akukuletsani kulawa za kwina. Idyani, yendani, phunzirani kuphika za ku Maputo ndi za pafoni. Koma musalole munthu aliyense, kaya mnzanu wa m'kalasi kaya chithunzi cha pa intaneti, akuuzeni kuti chakudya cha mayi anu ndi chochititsa manyazi. Anthu a m'mizinda ikuluikulu, madokotala akawauza kuti shuga wakwera kapena magazi akuthamanga, amayamba kufunafuna mgaiwa, nyemba ndi masamba, zomwe inu muli nazo kuseri kwa nyumba. Agogo anu sakhala nanu mpaka kalekale. Amene amadziwa kucheza chidulo, kufula ngumbi ndi kusankha mbewu yosunga akuchepa chaka ndi chaka. Foni imene ili m'thumba mwanuyo ili ndi kamera. Ajambuleni akuphika, afunseni dzina la tsamba lililonse, afunseni chifukwa chake. Akakukalipirani kuti mukufunsa zambiri, sekani, mubwerenso mawa.

Ndipo inu makolo anzanga, musadikire boma kapena bungwe kuti lidzakuyambitsireni. Madzulo ano madzi a nsima akafunda, itanani mwana wanu wamwamuna ndi wamkazi yemwe. Mupatseni mnyamatayo mthiko. Nsima ikatuluka ya mibulu, idyani momwemo, musamuseke, mawa adzakonza. Mtsikanayo mumuonetse mmene amasadzulira nkhwani, ndipo mumuuze chifukwa chimene mumathiramo nsinjiro. Mlendo akadzafika, musadzapepesenso pamaso pa ana anu kuti kuli masamba okha. Ndipo mvula ikubwerayi, masamba akadzachuluka, chikwatu cha chaka chino amange ndi iwowo, inu mutakhala pambali mukuwalangiza.

Tsalani bwino, ndipo ana adye.